Mutu 6: Otilia Aphunzitsa Sefa Bodza

1. Kiyi wa chipinda cha pansi

Chaka chimenecho chisanu chinafika msanga. Masamba a mitengo ya pabwalo la sukulu anali asanathe n'kuyoyoka komwe, koma nsonga za mapiri zinali zitayera kale ndi chipale chofewa.

Otilia Vlaicu anali mtsikana wa kumudzi wa kuseri kwa mapiriwo. Ankagonera pasukulu pomwepo, iye kuhositelo ya atsikana, mlongo wake wamng'ono Mihnea kuhositelo ya anyamata. Sanali wolongolola. Anzake ankamutcha Kambewa, chifukwa akangoweruka ankatsikira m'chipinda cha pansi pa laibulale.

M'chipindamo munali kompyuta yaikulu yolandira maimelo onse a sukulu. Amene anaiika anali a Dragomir, aphunzitsi a makompyuta, bambo wa imvi amene kale ankagwira ntchito ya mafoni.

Vuto linali zinyalala. Kalata yeniyeni inkafika itakwiririka pansi pa mulu wa makalata achabechabe: otsatsa mankhwala abodza, olonjeza mphoto, onyengerera anthu kuti aulule mawu awo achinsinsi. Ahedi anatopa nazo.

"A Dragomir, mukapanda kukonza zimenezi, ine ndibwerera kupositi," anatero.

Ndiye a Dragomir ndi Otilia anaika sefa m'kompyutamo.

"Akatswiri amaitcha sefa ya Bayes, koma dzinalo lisakuopse," anafotokoza aphunzitsiwo. "Imabwera isakudziwa kanthu. Ife tiipatsa milu iwiri. Mulu uwu tiiuza kuti ndi makalata abwino, uwu ndi zinyalala. Siwerenga monga timawerengera iwe ndi ine ayi. Imangophwanya kalata kukhala mawu amodziamodzi, n'kumakumbukira kuti liwu lakuti limapezeka kwambiri kumulu uti. Kalata yatsopano ikafika, imaika mawu ake onse pasikelo. Kumene sikelo yapendekera, kalatayo imapita komweko."

"Ndiye kuti singalakwitse, aphunzitsi?"

"Imalakwitsa, makamaka ikadali yatsopano. N'chifukwa chake sitiilola kufufuta kanthu. Zimene yakana zimakagwera m'bokosi la zinyalala, ndipo ife tizisuzumiramo. Ukapezamo kalata yabwino, uitulutse, uiuze sefayo kuti yaphonya."

Anagwira ntchitoyo mpaka maso kuwawa. Pang'ono ndi pang'ono bokosi la ahedi linayera. Otilia ankati akaona sefa yagwira chinyalala chatsopano, chimene palibe anaiuza, ankamwetulira yekha.

Kenaka a Dragomir anaitanidwa kuchipatala cha mumzinda kuti akawachotse ng'ala m'diso. Asananyamuke anaika kiyi patebulo, n'kumuuza Otilia mawu achinsinsi otsegulira zonse.

"Mulu wathu wabwino uli ndi chilema chimodzi," anatero. "Mwadzaza makalata a kuunduna ndi a aphunzitsi. A makolo amene akugwira ntchito kunja alimo ochepa. Ndikabwera tidzawonjezera. Koma khala pansi kaye, mwanawe, ndikuuze zina."

Otilia anakhala.

"Iwe unali woyamwa pamene ulamuliro wakale unagwa, ndiye sunazione. Nthawi imeneyo mlongo wanga anathawira kunja. Iye ankatilembera, ifenso tinkamulembera. Palibe kalata inafika, uku kapena uko. Penapake panali munthu, m'chipinda chofunda ngati chino, amene ankasankha kuti iyi ipite, iyi isapite. Mayi athu anamwalira akuganiza kuti mwana wawo anawataya. Munthu ameneyo sindinamuonepo nkhope. Mwina anali waulemu, wopereka moni panjira. Mwinanso anali ndi wina amene ankamuopa. Koma mayi athu anapita ndi chisoni chawo kumanda.

"Ndiye undimvetse. Makalata awa si ako, si anganso. Ife ndife mlatho chabe, ndipo mlatho susankha woponda. Chachiwiri, sefa iyi usaiuze bodza. Munthu ukamunamiza amatha kukayika, amakafunsa kwina. Iyi sikayika. Bodza limodzi imalilandira ndi manja awiri, n'kuberekapo mabodza ena amene iwe sunawaganizire n'komwe. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Tenga kiyiyo."

2. Kovirigi wa Horia

Horia Stanciu anali kaputeni wa timu ya mpira, wa kalasi yomaliza. Anali wamtali, wansangala, wokondedwa ndi aphunzitsi. Koma kuhositelo ya anyamata mawu ake anali lamulo. Aliyense ankadziwa zimene zinkachitikira ana atsopano kubafa ya kumeneko. Palibe ankazitchula.

Chaka chimenecho amene anagwa m'manja mwa gulu la Horia anali Silviu Bucur, mnyamata wochepa thupi, wachibwibwi. Bambo ake anamwalira, ndipo mayi ake ankagwira ntchito ku Italy, kusamalira nkhalamba ina.

Masana ena Otilia akutsika masitepe, anapeza Horia atatsamira chitseko cha chipinda cha pansi. M'manja anali ndi kovirigi wotentha wa kubekale ya pakona, buledi wopindidwa mozungulira wowazidwa mchere.

"Kambewa! Ukulowa kuuna? Kwaya, luma kaye. Uchita kuwonda ndi makinawa."

"Zikomo, ndadya."

"Landira, iwe. Ukakana ndiye kuti ukundida."

Otilia analandira. Horia anayang'ana kumwamba kwa masitepe, kenaka anatsitsa mawu.

"Amake a Silviu akundisowetsa mtendere. Ali kutali uko akusambitsa nkhalamba za eni, koma zala sizichoka pakompyuta. Alembera ahedi kalata yodandaula, ndiye ahedi andiitana. Akuti ikangobweranso kalata ina, nkhani ipita kwa oyang'anira maphunziro, ndipo ine mayeso sindilemba."

"Nanga mwanayo munamutani?"

"Masewera chabe. Tonse tinadutsamo. Madzi ozizira anaphapo ndani?"

"Ine sindingafufute makalata a ahedi."

"Wanena zofufuta ndani? Ndamva kuti kachinthu kako kamaphunzira. Kaphunzitse basi. Iwe manja ako akhala oyera. Makina ndiwo alakwitse. Kodi makina salakwitsa?"

"Ayi, Horia. Sindichita."

Horia sanakwiye. Anaseka pang'ono, n'kusasa mchere wa kovirigi pajekete lake.

"Chabwino, mayi busa. Koma mlongo wako uja ndi mwana wabwino, eti? Mihnea. Amagona pafupi ndi zenera. Chifuwa chake chija chimandimvetsa chisoni, amachita kulira ngati kamphaka akamapuma. Nayenso ndi watsopano, koma mpaka lero palibe wamutengera kubafa. Unadzifunsapo chifukwa chake?"

Horia anapitiriza osadikira yankho.

"Ine chaka chino ndikufuna kulemba mayeso, iwe ukufuna mlongo wako azipuma bwino. Tonse tili ndi zofuna. Idya, kovirigiyo azizira."

Anakwera masitepe akuimba likhweru.

3. Sikelo ipendekera

Pa nthawi yopuma tsiku lotsatira, Otilia anakafunafuna Mihnea. Anamupeza kubwalo la mpira, atanyamula thumba la mipira lalikulu kuposa iye mwini.

"Oti! Taona!" anafuula mwanayo. "Horia wandisankha kuti ndizinyamula mipira ya timu. Akuti ndine mng'ono wake tsopano."

"Mankhwala ako opumira ali kuti?"

"Horia wandisungira. Akuti ndingawataye pothamanga."

Kutsidya kwa bwalo, Horia anakweza dzanja n'kumupatsa Otilia moni.

Ataweruka, Otilia anatsikira m'chipinda chija n'kudzitsekera. Ng'anjo yotenthetsa nyumba inkalira kuseri kwa khoma. Analemba mawu achinsinsi, natsegula bokosi la ahedi, chinthu chimene anali asanachitepo. Anafufuza dzina la Bucur.

Makalata analipo angapo. Ena anali akale, ofunsa za mabuku ndi zofunda. Sanafune kuwerenga, koma diso silipempha chilolezo. Mzere wina unamugwira: "Mwana wanga wasiya kudya. Chonde, mayi hedi, mumuuze avule malaya muone kumsana kwake."

Anatseka kalatayo msanga. Pansi pake anangoona mizere ya Chitaliyana, yotsatsa malonda, imene kampani ya maimelo aulere inkamata pa kalata iliyonse. Sanaiganizire.

Anatenga kalata ya kumsanayo n'kuiuza sefa kuti ndi chinyalala. Makina anayankha kuti aphunzira. Anaiyesa pasikelo. Inapendekera pang'ono chabe, osakwanira kuigwetsa.

Apa akanatha kuleka. Kubweza kunali kosavuta, ndipo iye ankadziwa kabwezedwe kake.  Pabwalo panamveka wezulo ya mpira.

Anatenga makalata onse a mayi Bucur, akale ndi atsopano omwe. Amene anali kumulu wabwino anawachotsako. Onse anawathira kumulu wa zinyalala. Atayesanso, sikelo inagwa yonse mbali imodzi.

Anazimitsa nyale, natuluka. Kuyambira tsiku limenelo analeka kusuzumira m'bokosi la zinyalala.

4. Bata

Kunja kunaoneka ngati zonse zili bwino. Ahedi anamuyamikira Otilia pamaso pa sukulu yonse.

"Taonani mtsikana uyu. Aphunzitsi ake kulibe, koma ntchito ikuyenda ngati alipo. Ena inu mukanatha?"

Ana anawomba m'manja. Horia ndiye anawomba mokweza kuposa onse. Mihnea anabwezeredwa mankhwala ake.

Otilia ankamuona Silviu kuchipinda chodyera. Mnyamatayo ankakhala kumapeto kwa tebulo, supu ikuzizira patsogolo pake, malaya atamanga mabatani mpaka m'khosi. Otilia anayamba kukhala chofulatira mbali imeneyo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina Corina, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, analowa akulira.

"Bambo anga anandilonjeza kuti alembera ahedi, andilole kupita kuukwati wa achemwali anga. Ahedi akuti palibe chimene chafika. Andiiwala, Oti. Chipitireni ku Torino, ku Italy kuja, anasintha."

"Mwina atanganidwa."

"Si ine ndekha. Alembi a kuofesi akuti makolo onse a ku Italy angoti zii. Akuti mwina kwawoko mafoni aduka."

 Belu la chakudya litalira, Otilia anathamangira pansi. Anatsegula bokosi la zinyalala.

Pakati pa otsatsa mankhwala ndi olonjeza mphoto panali mayina a anthu. Bambo ake a Corina. Mayi wina wa ku Padova wofunsa za mwana wake wodwala khutu. Agogo ena, azakhali ena. Onse anali olembera kuchokera ku Italy.

Sefa sinaphunzire dzina la Bucur lokha. Inaphunzira mizere ya Chitaliyana ija. Inaphunzira mawu akuti "mwana wanga". Inaphunzira "chonde". Kumulu wabwino mawu amenewa anali osowa, ndipo tsopano onse ankalemera mbali ya zinyalala. Ndiponso kalata iliyonse imene sefayo inataya ili yotsimikiza, inkaphunziraponso yokha, n'kuumirira kwambiri pa yotsatira.

Pamwamba pa zonse panali makalata atsopano a mayi Bucur, osatsegulidwa. Mutu wa kalata yomalizira unali m'zilembo zazikulu: CHONDE YANKHANI.

Njira yokonzera inalipo. Akanatulutsa onsewo, n'kuiuza sefa kuti inaphonya. Koma akanatero, a mayi Bucur nawonso akanafika patebulo la ahedi.

Anatulutsa kalata ya bambo ake a Corina yokha. Enawo anati awaona mawa. Chala chake chinaima pa kalata ya zilembo zazikulu ija. Pamasitepe panamveka mapazi a munthu akutsika pang'onopang'ono. Mapaziwo anaima pachitseko, kenaka likhweru lija linayamba, lofatsa.

Otilia anatseka bokosilo.

5. Mayi wopanda katundu

M'mawa mwake chipale chinafika m'tauni. Chinkagwa mwakachetechete, chokhuthala, mpaka phiri la kuseri kwa sukulu linasowa.

A Dragomir anabwera m'mawa womwewo, diso limodzi litamatidwa bandeji. Anakumana ndi Otilia pakhonde la ofesi.

"Mwana wathu ali bwanji? Akudya bwino?" anafunsa moseka. Ankanena sefa.

Otilia asanayankhe, mkulu woyang'anira hositelo ya anyamata anadutsa pakati pawo akuthamanga, n'kulowa kwa ahedi osagogoda. Chitseko anachisiya chotsegula.

"Bedi la Silviu Bucur lilibe munthu! Nsapato zake palibe, jekete palibe. Tafufuza paliponse."

"Chichokereni liti?" anafunsa ahedi.

"Anzake akuti sakudziwa. Onse akuti sakudziwa."

Nthawi yomweyo pageti panaima minibasi ya maulendo aatali, ija imabwera ndi anthu ochokera ku Italy. Munatsika mayi mmodzi. Anthu ochokera kumeneko amatsika ndi zikwama ndi makatoni. Uyu analibe kanthu, koma kachikwama kam'manja. Nsapato zake zinali za m'nyumba. Anadutsa pabwalo akuterereka, molunjika kuofesi.

"Ndine make Silviu. Mwamusunga kuti? Ndimuone."

 Mayiyo anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi.

"Ndinakulemberani! Mwana anandiimbira foni akulira. Anati akapanda kumuchotsa kuhositelo ija, ayenda wapansi kupita kwa agogo ake, kudzera paphiri. Ndinaimba kuofesi kuno, anandiuza kuti ahedi ali pamsonkhano, ndilembe. Ndinalemba. Ndinalembanso. Ndisanakwere basi ndinalemba kuti mumugwire dzanja mpaka ndifike. Mwamusunga kuti?"

Ahedi anagwira tebulo.

"Mayi, ndikulumbira, chilandirireni kalata yanu ya kumsana kwa mwanayo sindinalandirenso ina ngakhale imodzi. Ndinayesa kuti nkhani ija inatha."

"Inatha? Inatha bwanji?"

Ahedi analamula mkulu wa hositelo kuti aimbire apolisi ndi opulumutsa anthu kumapiri. Kenaka anatembenukira kwa a Dragomir. Mawu awo anali ouma.

"Makina anu aja. Ndinakuuzani kuti ndibwerere kupositi."

A Dragomir anavula chipewa.

"Ngati mayiwa anatumiza, makina analandira. Sataya kanthu, ndinawakonza choncho dala. Mwina m'makalatamo muli njira imene mwanayo ananena kuti adzera. Tiyeni tikaone tonse. Ndipo ngati sefa yalakwa, tidziwa chifukwa chake, poti imasunga zonse zimene inaphunzitsidwa. Ngati kulakwako n'kwanga, ndidzayankha ndine."

Anatembenuza mutu wonse kuti amuone Otilia ndi diso lawo limodzi lija.

"Otilia, kiyi uli naye?"

"Ndili naye, aphunzitsi."

"Tsogola. Ine ndi diso ili sindiona bwino zilembo. Ukhala pamakina ndiwe."

Anatuluka onse. Ana anali atadzaza m'khonde, ndipo anapatuka kuwapatsa njira. Belu la tchalitchi cha m'tauni linayamba kulira, kuitana amuna kuti akwere phiri.

Pamwamba pa masitepe otsikira kuchipinda cha pansi panaima Horia. Sankaseka. Dzanja lake linali paphewa la Mihnea, ndipo mwanayo ankatsokomola.

Otilia anadutsa pafupi nawo, maso pansi. Anatsika, ahedi, a Dragomir ndi mayi uja ali pambuyo. Pachitseko kiyi anakana kulowa.

Dzanja lozizira linagwira lake. Anali mayi Bucur.

"Ndiwe umasamala makalata athu, mwanawe? Mulungu akudalitse. Usaope, tsegula. Ndithandize ndimupeze mwana wanga."

Mayiyo anamuthandiza kulowetsa kiyiyo, ndipo chitseko chinatseguka.